Yesu Yemwe Bomba Lidamuchotsa Nkhope

Amisiri opanga mazenera a magalasi amitundumitundu, aja amakongoletsa matchalitchi akuluakulu, sajambula chithunzi chonse pa galasi limodzi ngati za pa kalendala. Ntchito yawo imafanana ndi ya telala wolumikiza zigamba. Amasungunula mchenga ndi phulusa pamoto woopsa n'kuthiramo zitsulo zopatsa mtundu: kobati amatulutsa buluu, kopa amatha kutulutsa kufiira kapena kubiriwira. Galasilo likazizira amalidula m'tizidutswa, mkanjo pawokha, dzanja palokha, thambo palokha, kenaka n'kulumikiza zonse ndi timizere ta mtovu. Nkhope nayo kawirikawiri imakhala kachidutswa kakekake. Mmisiri amalembapo maso, mphuno ndi ndevu ndi utoto wakuda, n'kukawotcha mu uvuni kuti utotowo ukanirire. Choncho n'zotheka ndithu kuti munthu wa pazenera athothoke nkhope yokha, thupi lonse lili chiimire.

Izi ndi zomwe zidachitika Lamulungu pa 15 Sepitembala 1963 mumzinda wa Birmingham, m'chigawo cha Alabama ku America. Nthawi ili 10:22 m'mawa, bomba la dainamaiti lomwe anthu adatchera kunsi kwa masitepe a tchalitchi cha 16th Street Baptist lidaphulika. Lidabowola khoma, lidaphwanya magalimoto omwe adaima pamsewu, ndipo mazenera adasanduka zidutswa zouluka. Fumbi litatsika, anthu adaona kuti zenera lina lokhala ndi chithunzi cha Yesu lidakali m'malo mwake. Mkanjo udalipo, manja adalipo, koma pomwe padali nkhope padangotsala chibowo, kuwala kwa panja kukulowera pomwepo. Atolankhani adalijambula zeneralo, ndipo chithunzi chake n'chomwe chandigwiritsa cholembera sabata ino.

M'chipinda chapansi cha tchalitchicho mudali atsikana omwe ankadzikonzakonza kuti akatumikire pa mapemphero, poti lidali tsiku la achinyamata. Anayi adafera pomwepo: Addie Mae Collins, Cynthia Wesley ndi Carole Robertson, onse a zaka 14, ndi Denise McNair wa zaka 11. Phunziro la Sande sukulu m'mawa umenewo lidali la chikondi chokhululukira. Mng'ono wake wa Addie Mae, Sarah, wa zaka 12, adapulumuka, koma zidutswa za magalasi zidamulowa kumaso ndipo diso limodzi lidatheratu. Dzuwa lisadalowe, anyamata awiri akuda adaphedwanso mumzinda womwewo. Johnny Robinson wa zaka 16 adawomberedwa ndi wapolisi, ndipo Virgil Ware wa zaka 13 adawomberedwa ndi mnyamata wachizungu atakwera njinga ndi mkulu wake. Ana asanu ndi mmodzi tsiku limodzi, abale anga, tsiku la Mulungu.

Mwina mukufunsa kuti tchalitchichi chidalakwanji. Mpingowu udayamba mu 1873, ndipo nyumba yomwe idaphulitsidwayo idamangidwa mu 1911 potsatira mapulani a Wallace Rayfield, katswiri wachikuda. Mumzinda momwe munthu wakuda sankaloledwa kudya m'lesitilanti ya azungu kapena kumwa pampopi wawo, tchalitchi ndiye chidali holo, sukulu ndi bwalo. Mu Meyi 1963 ana asukulu mazanamazana adasonkhana m'menemo n'kutuluka m'magulumagulu kukachita zionetsero zokana tsankho. Mkulu woyang'anira apolisi, Bull Connor, adawalandira ndi agalu ndi mapaipi a madzi ozimitsira moto, ndipo ambiri adagona m'chitokosi. Birmingham udali mzinda wa migodi ya malasha ndi ng'anjo za zitsulo, choncho dainamaiti sadali wosowa. Nyumba ndi matchalitchi a anthu akuda zidaphulitsidwa kambirimbiri mpaka mzindawo udapatsidwa dzina lachipongwe loti Bombingham. Masiku ochepa bomba la pa 15 lisadaphulike, ana akuda adali atayamba kulowa m'sukulu za azungu molamulidwa ndi khoti, bwanamkubwa George Wallace akukana kwamtuwagalu.

Ife kuno nkhani ya tchalitchi chophulitsidwa si yachilendo kwenikweni. John Chilembwe adaphunzira ubusa ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, ndipo pobwerera kumudzi mu 1900 adabwera ndi thandizo la Abaptisti akuda a ku America a National Baptist Convention. Kuwukira kwa mu Januwale 1915 kutalephereka, asilikali a boma la atsamunda adagumula tchalitchi chake cha ku Mbombwe ndi zophulitsira. Adani a anthu oponderezedwa amadziwa bwino komwe anthuwo amatenga mphamvu, ndipo salakwitsa khomo.

Tsono n'chifukwa chiyani Akhristu adayamba kuika zithunzi m'mazenera? Cha m'ma 600, Papa Gregory Wamkulu adalembera bishopu wa ku Marseille yemwe ankaphwanya zithunzi za m'tchalitchi, kumuuza kuti azisiye chifukwa munthu wosadziwa kuwerenga amawerenga pakhoma zomwe anzake amawerenga m'buku. Mazenera akale zedi omwe adakali m'malo mwake ndi a aneneri a m'tchalitchi chachikulu cha Augsburg ku Germany, a cha m'ma 1100. Ku Chartres ku France mlimi wa zaka za m'ma 1200 ankatha kutsatira nkhani ya Nowa, ya Msamariya wachifundo kapena ya mwana wolowerera pongokweza maso, kuyambira pansi kukwera m'mwamba. Zenera lotere ndi ulaliki womwe sutha mawu, mbusa akhalepo kapena asakhalepo. Nanga Yesu wopanda nkhope uja ankalalikira zotani kwa makolo omwe ankafukula ana awo m'zigumukire?

Ine ndidakulira m'nyumba ya agogo anga aakazi momwe pakhoma padali chithunzi cha Yesu chodula pakalendala yakale. Tsitsi losalala lofika m'mapewa, maso abuluu, khungu loyera ngati sadapsepo ndi dzuwa la Okutobala. Agogo ankachipukuta fumbi Loweruka lililonse, ndipo ife adzukulu tikaba shuga tinkatembenuka kaye kuti maso aja asatione. Nkhope yomwe idathothoka ku Birmingham idali ya mtundu womwewo, monga zinkakhalira m'matchalitchi ambiri masiku amenewo, a azungu ndi a anthu akuda omwe. Taganizani: anthu omwe sabata yonse ankanyozedwa ndi nkhope zoyera ankafika Lamulungu n'kugwada pansi pa nkhope yoyera, ndipo ankaikonda ndi mtima wonse monga agogo anga. Omwe adatchera bombalo, a gulu la Ku Klux Klan, nawonso ankadzitcha Akhristu, mtanda n'kumauyatsa moto pamisonkhano yawo. Ndikayang'ana chibowo chija ndimaona ngati funso lomwe lidatsala lotsegula: kodi Yesu ameneyu ngwayani, ndipo m'mawa uja adali mbali iti ya khoma?

Yankho lina lidachokera kutali, kutsidya la nyanja ya Atlantic. Ku Llansteffan, kamudzi ka m'mbali mwa nyanja ku Wales, kunkakhala mmisiri wa magalasi dzina lake John Petts, yemwe pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse adakana kugwira mfuti chifukwa cha chikumbumtima chake. Atamva za bombalo adakhudzidwa pawiri, ngati kholo komanso ngati mmisiri. Adalankhula ndi David Cole, mkonzi wa nyuzipepala ya Western Mail ya ku Cardiff, ndipo nyuzipepalayo idaika pempho patsamba loyamba loti anthu a ku Wales asonkhe ndalama zogulira tchalitchicho zenera latsopano.

Apa ndiye pali mfundo yomwe imandisowetsa tulo. Adaika lamulo loti munthu asapereke zoposa masheleni 2 ndi mapeni 6, ndalama ija Angerezi ankaitcha half crown. Achikulire aikumbuka, chifukwa idalipo pa ndalama zachitsulo zoyamba za Malawi mu 1964, ndipo kwacha itabwera mu 1971 mtengo wake udafanana ndi 25 tambala. Cholinga chidali choti pasapezeke mpondamatiki mmodzi wolipira zenera lonse n'kumadziguguda pachifuwa, koma kuti likhale mphatso ya mtundu wonse. Ana asukulu, akuda ndi oyera, adaima pamizere ku Cardiff ndi timakobiri tawo m'manja. Pang'onopang'ono ndi mtolo: posakhalitsa ndalama zidakwana.

Ntchito yanga ya utolankhani yandifikitsa pa misonkhano yambiri yosonkhetsa ndalama zomangira matchalitchi, ndipo ndondomeko yake mukuidziwa nonse. Mlendo wolemekezeka amafika mochedwa, galimoto yake n'kuimikidwa pamthunzi. Envelopu yake imatsegulidwa pamaso pa anthu, chiwerengero n'kulengezedwa pa chimkuzamawu kawiri, nthungululu n'kuphulika. Mayi wogulitsa mandasi yemwe wakhala akuponya kangachepe m'mbale chaka chonse amakhala padzuwa kumbuyo, dzina lake osamveka. Pamapeto pake pakhoma pamakhomedwa chikwangwani cha dzina limodzi. Sindikunyoza opereka zambiri ayi, malata ndi simenti sizigulidwa ndi mapemphero okha. Koma ndimalakalaka nditaona tsiku limodzi lokha mpingo utayesa za ku Wales, n'kunena kuti lero bwana ndi wantchito wake apereka mofanana. Pansi pa zenera la ku Birmingham sipadalembedwe dzina la munthu wolemera aliyense. Padangolembedwa kuti laperekedwa ndi anthu a ku Wales, basi.

Petts adapita yekha ku Alabama kukaona tchalitchicho ndi kucheza ndi eni ake, ndipo zeneralo lidaikidwa mu 1965, m'mwamba chakumbuyo, moyang'anizana ndi guwa. Tchalitchicho chidali chitatsegulidwanso kale mu Juni 1964. Pazenerapo pali munthu wakuda, mutu wowerama, manja otambasula monga wopachikidwa pamtanda. Mitundu yochuluka ndi buluu ndi pepo, ndipo chakumutu kwake kuli utawaleza. Dzanja lamanja latukulidwa ngati likukankha chinthu cholemera, pomwe lamanzere latambasuka, chikhatho chili poyera. Amati lamanjalo likukankha chidani ndi chisalungamo, lamanzerelo likupereka chikhululukiro. Ine ndikaona kaimidwe kake ndimakumbukanso zithunzi za mu Meyi 1963, anyamata atatsamira makoma, madzi a m'mapaipi akuwamenya kumsana.

Pansi pake pali mawu ochepa otengedwa pa Mateyu 25. Nkhani yake mukuikumbuka: tsiku lomaliza mfumu ikulekanitsa anthu monga mbusa alekanitsira nkhosa ndi mbuzi. Mlandu wake suli pa kuchuluka kwa nyimbo zomwe munthu adaimba kapena pa mpando womwe ankakhala m'tchalitchi. Mfumu ikufunsa za wanjala, waludzu, mlendo, wausiwa, wodwala ndi wam'ndende. Magulu onse awiri akudabwa mofanana, chifukwa palibe yemwe akukumbuka kuti adakumanapo ndi mfumuyo. Apo mfumu ikuwauza kuti zomwe adachitira wamng'onong'ono uja, kapena kumumana, adachitira iyo. M'Baibulo mawuwo akunena za zomwe zidachitika kale, koma Petts adawalemba ngati zikuchitika lero lino. Ndiye kuti aliyense woima pansi pa zeneralo, kaya mlendo wodzajambula zithunzi, kaya wandale wodzafuna mavoti, akuuzidwa kuti zomwe akuchitira anthu onyozeka panopa akuchitira Mwini wake. Potengera Mateyu, m'mawa uja Yesu adali m'chipinda chapansi, pamodzi ndi atsikana omwe ankamangana malamba a madiresi.

Utawaleza uja ukutibwezera ku Genesis 9. Chigumula chitaphwa, Nowa atatuluka m'chingalawa n'kupeza dziko lili matope okhaokha, Mulungu adaika uta wake m'mitambo ngati chizindikiro cha pangano ndi zamoyo zonse. Lidali pangano la aliyense wopuma, osasankha fuko. Mumzinda momwe ngakhale manda adali ogawidwa potengera khungu, kuika mitundu yonse pamodzi pamutu pa Khristu wakuda kudali kulankhula mosapsatira.

Koma tisathamangire dzanja lamanzere lija, lokhululukira, ngati kuti ndi lokhalo. Anthu amphamvu amalikonda kwambiri dzanja limenelo, chifukwa limawamasula popanda kulipira kanthu. Tamvani mmene chilungamo chidayendera. Robert Chambliss adagwidwa mu 1963, koma mlandu womwe adamupeza nawo udali wosunga dainamaiti popanda chilolezo: chindapusa cha madola 100 ndi chigamulo cha miyezi isanu ndi umodzi. Pofika 1965 bungwe la FBI lidali litadziwa maina a anthu anayi owaganizira, koma mkulu wake J. Edgar Hoover sadalole kuti nkhaniyo ipite kukhoti, ndipo mu 1968 fayilo idatsekedwa. Loya wamkulu wa boma la Alabama, Bill Baxley, adaitsegulanso mu 1971, ndipo Chambliss adapezeka wolakwa pa mlandu wakupha mu 1977. Herman Cash adamwalira mu 1994 osaimapo m'bokosi. Thomas Blanton adamangidwa mu 2001, Bobby Frank Cherry mu 2002, patatha zaka pafupifupi 39. Akuluakulu adati mlandu suwola, n'zoona, koma mboni zimakalamba ndipo makolo ena a atsikana aja adatsikira kuli chete asadamve chigamulo chomaliza. N'chifukwa chake ndimamulemekeza Petts posatambasula manja onse awiri mofanana. Khristu wake akukhululuka uku akukana.

Ena adzati khungu la Yesu lilibe ntchito, chofunika ndi mtima. Ndikuwamva. Yesu adali Myuda wa ku Galileya, sadali Mngerezi, sadalinso Mchewa, ndipo Mauthenga Abwino onse anayi sadalembepo za maonekedwe a nkhope yake. M'badwo uliwonse wakhala ukumujambula ndi nkhope yomwe ukuidziwa. Aitiyopiya amamujambula ndi maso aakulu a kwawo, Ataliyana adamujambula ngati Mtaliyana, ndipo ku Mua, komwe Bambo Claude Boucher adayambitsa malo a Kungoni mu 1976, amisiri akhala akusema nkhani za m'Baibulo ndi nkhope zathu zomwe. Vuto limabwera pomwe nkhope imodzi yokha, ya wolamulira, yasanduka yovomerezeka, mpaka mwana n'kumakula akuganiza kuti kumwamba kudzafunika womasulira. Chomwe chimandikhudza n'chakuti yemwe adaona kufunika kosintha nkhopeyo ku Birmingham adali mzungu, ndipo omwe adalipira ambiri adali azungu. Agogo anga akadaliona zenera limeneli kaya akadati chiyani. Ndikuganiza kuti akadayamba ndi kudandaula kuti mwana wa eni wawonda, n'kufunsa ngati adadya.

Patangotha chaka chimodzi zeneralo litaikidwa, maliro adagwa kwa opereka aja. Pa 21 Okutobala 1966, mulu wa zinyalala za mumgodi wa malasha udagumuka ndi mvula pamwamba pa mudzi wa Aberfan ku Wales, n'kukwirira sukulu ya pulayimale ana atangolowa m'makalasi. Anthu 144 adafa, 116 mwa iwo ana. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Anthu omwe adalira ana a eni omwe sadawaonepo adapezeka akufukula awo ndi manja. Mateyu yemwe uja, m'mutu wachiwiri, akusimba za Herode yemwe adapha ana a ku Betelehemu poopa kulandidwa mpando, ndi za Rakele wolira ana ake osafuna kutonthozedwa. Ku Birmingham kudali Herode wa chidani, ku Aberfan kudali Herode wa kusasamala, poti kafukufuku wa boma adapeza kuti bungwe loyendetsa migodi, National Coal Board, ndilo lidali ndi mlandu. Kulira kwa Rakele ndiye kudali kumodzimodzi.

Imfa ya atsikana anayi aja idagwedeza America. Martin Luther King Jr. adalalikira pa maliro a atatu mwa iwo pa 18 Sepitembala, patangotha milungu itatu chilankhulireni pa msonkhano waukulu wa ku Washington. Pa 2 Julaye 1964, masiku anayi ife tisadakweze mbendera yathu, Pulezidenti Lyndon Johnson adasaina lamulo lothetsa tsankho m'malo opezekamo anthu onse. Mu 2013 nyumba ya malamulo ya dzikolo idapatsa atsikanawo mendulo yake yapamwamba ya golide, patatha zaka 50 ali m'manda.

Nanga Sarah, wachisanu uja? Adakula ndi diso lagalasi, n'kumagwira ntchito za m'mafakitale ndi zoyeretsa m'nyumba za anthu, dzina lake losatchulidwa kawirikawiri pa miyambo ya chikumbutso. Kwa zaka zambiri wakhala akunena kuti boma la Alabama, lomwe atsogoleri ake adakolezera moto wa chidani, limupepese ndi kumulipira. Kalata yopepesa idachokera kwa bwanamkubwa Kay Ivey mu 2020, patatha zaka 57. Mtsikana wa zaka 12 uja adailandira ali gogo wa zaka 69.

Inu awerengi omwe Lamulungu likubwerali mukakhale pansi pa zenera lokongola, kapena pansi pa zenera la matabwa lotsekedwa ndi pulasitiki, mukayang'ane bwino yemwe wakhala pambali panu pabenchi. Mukayang'anenso yemwe watsala panja pageti ndi mbale m'manja, ndi mwana yemwe wabwezedwa kusukulu chifukwa cha yunifolomu. Mateyu 25 sadasinthe. Ndipo mbale ya chopereka ikamadutsa, mukakumbuke ana a ku Cardiff ndi timakobiri tawo ta masheleni 2 ndi mapeni 6.